Kalata yotseguka kwa Mkulu Woimira Boma pa Milandu

Bwana DPP,

Ndayamba ndakulonjerani. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo za malamulo sindidapite nazo kusukulu. Zochepa zomwe ndikudziwa ndidaziphunzira pa benchi la kumbuyo m'khoti lina la majisitireti, pomwe ndidakhalapo maulendo asanu ndi anayi chifukwa cha mwana wa mlongo wanga. Kwathu kuno mwana akagwa m'mavuto amayang'ana amalume ake, ndiye nkhaniyo idagwera ine.

Mnyamatayo amapalasa kabaza. Adagula foni yakale kwa munthu wina pamsika, osadziwa kuti idabedwa, ndipo patapita masabata awiri adamunjata. Kuchokera pamenepo nkhani idali imodzimodzi ulendo uliwonse. Tinkadzuka m'mamawa, amayi ake atamanga mbatata yophika m'kansalu, n'kukadikira pansi pa mtengo mpaka galimoto ya akaidi itafika. Dzina lake likaitanidwa, woimira boma ankaimirira, kutsegula doketi, fayilo ya mlandu yochokera kupolisi, n'kunena kuti wodandaula sadabwere, kapena wofufuza mlandu ali ku maphunziro, kapena kuti akupempha tsiku lina. Majisitireti ankalemba tsikulo. Zonsezi sizinkatenga ngakhale mphindi zitatu. Belo idaperekedwa ndithu, koma ndalama yomwe idatchulidwa tidalibe, ndiye mwanayo ankabwerera ku rimandi, ife n'kubwerera kumudzi wapansi.

Ulendo wachisanu ndi chinayi tidapeza prosekyuta wina, mayi wachitsikana ndithu, wobwera kumene pamalopo. Ndidamuona akuwerenga doketiyo khoti lisanayambe, tsamba ndi tsamba, milomo ikuyenda. Idali yopyapyala, masamba ake osakwana khumi. Atafika pamapeto adabwereranso koyambirira, kenaka adaitana wapolisi wina n'kumufunsa funso lomwe sindidalimve. Khoti litayamba adaimirira n'kunena kuti boma lilibe umboni wosonyeza kuti mnyamatayo ankadziwa kuti foniyo njakuba, choncho likuuchotsa mlanduwo. Basi. Miyezi isanu idathera pamenepo. Njinga yake tidali titagulitsa kale.

Sindikulemba kuti ndidandaule za mwana wa mlongo wangayo; adatuluka, akupalasanso njinga yobwereka. Ndikulemba chifukwa mayi uja adandionetsa ntchito yeniyeni ya ofesi yanu, ntchito yomwe ambirife sitiidziwa. Ife kumudzi timaganiza kuti woimira boma ndi munthu wolembedwa kuti azimangitsa anthu, kuti akapambana milandu yambiri ndiye kuti ngwaluso. Ndikukayika ngati ena mwa iwo eni ake saganiza chimodzimodzi. Koma ntchito yake ndi ya lichero. Wapolisi amakolola zonse, chimanga ndi mankhusu omwe, poti iye amagwira ntchito mothamanga, usiku, anthu akukuwa. Woimira boma ndiye wopeta. Asanamuimike munthu pamaso pa khoti ayenera kudzifunsa ngati umboni ulipo wokwanira kuti khoti lingamupeze wolakwa, ndipo ngati ulipo, adzifunsenso ngati kuzenga mlanduwo kupindulire anthu a dziko lino. Mafunso awiriwa akadafunsidwa tsiku loyamba, mwana uja sakadagona m'ndende ngakhale sabata imodzi.

Olemba malamulo oyendetsera dziko lino mu 1994 adadziwa chifukwa chomwe ankafunira ofesi yotere. Adali atangochoka m'nyengo ya makhoti a mafumu, omwe kuyambira 1969 adapatsidwa mphamvu zoweruza ngakhale milandu yakupha, popanda loya woimira woimbidwa mlandu. Ndi khoti lotero lomwe mu 1983 lidagamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera Chirwa aphedwe, ndipo Orton adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Anthu omwe adaona zimenezo ndi maso awo adafuna kuti pakati pa wogwira munthu ndi woweruza munthu pakhale wina woyang'ana umboni ndi mutu wozizira, wosalandira malamulo kuchokera kuchipani. N'chifukwa chake gawo 99 lidakupatsani mphamvu zitatu: kuyambitsa mlandu, kulanda mlandu womwe wayambitsidwa ndi wina n'kuupitiriza, ndi kuthetsa mlandu chigamulo chisanaperekedwe. Palibe nduna, palibe mkulu wa apolisi yemwe ali ndi mphamvu zimenezi pamodzi. N'chifukwa chakenso Pulezidenti akakusankhani, dzina lanu limayenera kukavomerezedwa ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo, ndipo mumapatsidwa zaka zisanu kuti musamagwire ntchito mukuyang'ana kukhomo.

Mphamvu yachitatuyo ndiyo yandilembetsa kalatayi.

Amalawi adayamba kuidziwa bwino mphamvu yothetsa mlandu kudzera m'mayina akuluakulu. Mlandu wa K1.7 biliyoni wa mtsogoleri wakale Bakili Muluzi udakhala m'khoti zaka zoposa khumi, n'kudzathetsedwa mu May 2023 popanda chigamulo. Mlandu wa malemu Saulos Chilima, omwe adamangidwa mu November 2022, udathetsedwa mu May 2024. Sindikunena kuti anthu amenewa adali olakwa; khoti silidanene zimenezo, ndiye ine ndine yani? Mwinanso zifukwa zothetsera zidali zomveka ndithu. Chomwe ndikunena n'chakuti ife omwe tidalipira misonkho yoyendetsera milanduyo tidangomva pawailesi kuti yatha, ngati maliro a kutali. Lamulo limati mukathetsa mlandu mupereke zifukwa ku komiti yoona za malamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku khumi. Chabwino. Koma aphungu a m'komitimo si ndiwo okha eni mlandu. Pa fayilo iliyonse pamalembedwa kuti ndi Boma lomwe likuzenga mlandu uje, ndipo Bomalo ndi ife tomwe, mayi wogulitsa tomato pa Lizulu ndi mlonda wa ku Kanengo. Chingakuvuteni n'chiyani kulemba tsamba limodzi, m'Chingerezi ndi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, lofotokoza kuti mlandu wakuti tauthetsa chifukwa mboni zakuti zidamwalira, kapena umboni wakuti udapezeka wopanda mphamvu? Mukakhala chete, anthu amadzilembera okha zifukwa, ndipo zomwe amalembazo ndi mwambi uja wakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Koma chomwe chimandiwawa kwambiri si kuti mphamvuyo idagwira ntchito pa akuluakulu. Ndi chakuti siifika kawirikawiri kwa ang'onoang'ono. Pitani ku Maula, ku Chichiri, ku Zomba kapena ku Mzuzu, mukafunse anyapala, akaidi oyang'anira anzawo, kuti m'chipinda chawo muli angati omwe sadaweruzidwe. Mukapeza wa nkhuku, wa mtolo wa chimanga chachiwisi, wa ndewu ya pamowa yomwe omenyanawo adakhululukirana kalekale. Ngati mlandu wa mabiliyoni ungathetsedwe chifukwa wakhalitsa ndipo mboni zabalalika, nanga wa nkhuku, womwe mwini nkhukuyo adaleka kubwera kukhoti chifukwa thiransipoti yadutsa mtengo wa nkhukuyo? Lichero likhale limodzi, Bwana. Likakhala la mipata ikuluikulu kwa a mataye, n'kukhala lothina kwa opanda nsapato, ndiye kuti si lichero ayi.

Malamulo oteteza anthu oterewa alipo kale, si kuti tikupempha atsopano. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Lamulo la kazengedwe ka milandu, monga lidakonzedwera mu 2010, lidaika malire a masiku omwe munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe: masiku 30 pa milandu ya m'makhoti a majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha, kugwiririra ndi kuba moopseza. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti lidanena poyera kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuphwanya ufulu wa munthu, ndipo lidalamula kuti kuchepetsedwe ndi theka m'miyezi 18. Zaka zadutsa zingati kuchokera pamenepo? Akuluakulu a ndende sasankha wolowa; iwo amangolandira. Chipata chenicheni cha ndende chili pa tebulo la woimira boma, pomwe amasankha kukana belo kapena kuilola, kupempha tsiku lina kapena kuvomera kuti doketi njopanda kanthu.

Ndipo zikavuta pa tebulo limenelo, makhoti aakulu ndiwo amadzakolopa patapita zaka. Kumbukirani za vakabu. Kwa nthawi yaitali apolisi ankasesa anthu usiku, m'mawa n'kuwaimika m'khoti m'magulu, aliyense n'kuvomera mlandu kuti alipire faindi azipita. Zidatengera Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre yemwe adagwidwa m'mbandakucha akupita ku geni yake, kuti akaime nji mpaka khoti lalikulu lidagamula mu January 2017 kuti ndime ya vakabuyo njosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Milandu yonse ija idadutsa m'manja mwa oimira boma. Ndi angati mwa iwo adadzifunsa kuti kodi munthu woyenda usiku ndi katundu wake wa malonda walakwira yani? Kumbukiraninso agogo omwe adamangidwa m'zaka za m'ma 2010 pa nkhani za ufiti, pomwe lamulo la 1911 limati wolakwa ndi uyo wonenera mnzake ufiti. Mudzi udakuwa, apolisi adagwira, woimira boma adapititsa, khoti lidagamula. Pa anayiwa, yemwe adalembedwa ntchito yonena kuti "taimani kaye" adali wachitatuyo.

Ndikudziwa kuti inu simungawerenge doketi iliyonse ya m'dziko muno. Maloya a mu ofesi yanu ndi ochepa, ndipo ambiri amathera ku High Court pa milandu yakupha ndi ya ndalama. Milandu yochuluka, ya tsiku ndi tsiku, ya ku Nsanje ndi ku Chitipa, imazengedwa ndi apolisi omwe mudawagawira mphamvu zanu monga gawo 100 limalolera. Ena mwa iwo ndi akhama kwambiri, ndidawaona ndi maso anga, akulemba masamoni pamanja, akugula okha mayunitsi oimbira mboni. Koma taganizani malo omwe munthu wotere waimapo. Wavala yunifolomu imodzimodzi ndi yemwe adafufuza mlanduwo. Amadyera limodzi nsima masana. Bwana wake womukweza kapena kumusamutsa ndi yemwe adalamula kuti woganiziridwayo atsekeredwe. Ndiye mukuyembekeza kuti sajeni akagogode pa ofesi ya bwana wakeyo n'kunena kuti doketi yanuyi mulibe kanthu? Alipo olimba mtima, ngati mayi uja, koma dziko silingadalire kulimba mtima kwa munthu mmodzimmodzi. Ku England adaona vuto lomweli ndipo mu 1986 adachotsa ntchito yozenga milandu m'manja mwa apolisi. Anzathu a ku Zambia adakhazikitsa lamulo la bungwe loima palokha lozenga milandu mu 2010. Ife tingayambe pang'ono: woimira boma aliyense, ngakhale akhale wapolisi, pa nkhani ya doketi aziyankha kwa inu, ndipo azidziwa kuti akakana kupititsa mlandu wopanda umboni, ofesi yanu imuikira kumbuyo.

Musaganize kuti ndikupempha kuti muzingomasula anthu. Kupeta kuli mbali ziwiri: kutaya mankhusu ndi kusunga chimanga. Pa benchi lija ndidakhalapo ndi mayi wina yemwe ankabwera ndi kamtsikana ka sitandade 4. Sindidamufunse mlandu wake. Nkhope ya mwanayo inkanena yokha. Ulendo woyamba adabwera ndi achibale anayi. Wachitatu adabwera awiri okha. Ulendo wachisanu ndidamumva akuuza mnzake kuti akuchimuna atumiza mbuzi ndipo a mfumu akuti nkhaniyo ikathere kumudzi. Sindidamuonenso. Pamenepa ndi pomwe woimira boma ayenera kuuma mutu. Mlandu wogwiririra mwana si wa banja kuti likagulitse ndi mbuzi. Ndi wa Boma. Koma kuti aume mutu ayenera kuthamanga, mwanayo apereke umboni wake msanga, m'chipinda chopanda gulu, asadaiwale komanso asadaopsezedwe, ndipo mayiyo auzidwe m'chilankhulo chake kuti mlandu wafika pati, abwerenso liti, ndipo chifukwa chiyani walephereka lero. Wodandaula m'makhoti mwathu amakhala ngati mlendo pa ukwati wa eni: palibe womulonjera, palibe womuuza pokhala. Akatopa n'kusiya, timati mboni za ku Malawi n'zosadalirika.

Makolo adati mlandu suola. Adanena zoona m'nthawi yawo, pomwe mboni zonse zinkakhala m'mudzi umodzi mpaka kufa. Lero mlandu umaola ndithu. Mboni imapita ku Joni, dokotala yemwe adayeza mtembo amasamuka, wofufuza amapuma ntchito, fayilo imadyedwa ndi chiswe. Khoti litagamula mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti si aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha ayenera kulandira chilango cha imfa, akaidi omwe adali kale pa mndandanda wa imfa adadikira mpaka 2015 kuti milandu yawo iyambe kuunikidwanso, ndipo pofika nthawiyo mafayilo a ambiri adali atasowa. Oposa 100 adatuluka. Pa ntchito imeneyo ofesi yanu idakhala pansi limodzi ndi a Legal Aid Bureau, a bungwe la ufulu wa anthu ndi ma paralegal, othandiza anthu pa zamalamulo omwe si maloya, ndipo idatheka. Ndiye umboni ulipo kuti mukafuna, mumatha.

Ikaola milandu, anthu amatola miyala. Mumamva nokha za oganiziridwa kuba omwe amatenthedwa ndi matayala m'misika, za agogo ogendedwa pamaliro. N'zonyansa, ndipo ochita zimenezo ayenera kuzengedwa milandu ngati wakupha wina aliyense. Koma mukawafunsa amayankha mawu amodzimodzi: tikamupereka kupolisi mawa timuona akuyenda. Nthawi zambiri munthuyo amakhala kuti wangotuluka pa belo, zomwe ndi ufulu wake, ndipo mlandu wake ukadalipo. Palibe amene adawafotokozera. Ofesi yanu imamveka pawailesi pokhapokha pakakhala nkhani ya wandale. Bwanji osamveka Lachiwiri lililonse madzulo, m'Chichewa, kufotokoza kuti belo n'chiyani, kuti belo ya kupolisi njaulere, kuti kuchotsa mlandu kumasiyana bwanji ndi kumupeza munthu wosalakwa?

Za ndale ndinenepo pang'ono, poti aliyense akudziwa kuti mpando wanuwo ngotentha. Gawo 101 limati muzigwira ntchito mosalamulidwa ndi wina aliyense, koma gawo lomwelo limatsegula kawindo kakuti mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo angakupatseni malangizo. Tidaonanso mu December 2022 momwe kusamvana pakati pa ofesi yanu ndi bungwe lolimbana ndi katangale la ACB kudafikira poti mkulu wa bungwelo, Martha Chizuma, adatengedwa ndi apolisi m'mbandakucha, ndipo mwezi wotsatira yemwe adali pampando wanuwo adachotsedwa. Mu 2022 momwemo Nyumba ya Malamulo idachotsa lamulo lakuti ACB iziyamba yapempha chilolezo kwa inu isanazenge mlandu wa katangale. Aphungu sakadachita zimenezo akadakhala kuti anthu ankakhulupirira kuti chilolezocho chimaperekedwa mosayang'ana nkhope. Chomwe timaona ife n'chakuti boma likasintha, milandu nayo imasintha mbali: omwe ankapita kukhoti dzulo lero ali pa galimoto za mbendera, omwe adali pa galimotozo ndiwo akusaina ku polisi Lachisanu lililonse. Mwina ena mwa milanduyo ndi yoona, mwina yonse. Koma ngati umboni udalipo, udali kuti zaka zisanu zonsezo? Cashgate itaphulika mu 2013 tidaona kuti n'zotheka kuzenga milandu yotere mpaka kumapeto: Oswald Lutepo adalandira zaka 11 mu 2015, ndipo Ralph Kasambara, yemwe adakhalapo nduna ya zachilungamo, adapezeka wolakwa mu 2016 pa chiwembu chofuna kupha Paul Mphwiyo, yemwe adali mkulu woona za bajeti ya boma. Tsiku lomwe tidzaone nduna yomwe ikadali pampando ikuyankha mlandu mpaka chigamulo, boma lake likadali lomwelo, tidzadziwa kuti gawo 101 si zolemba chabe. Ngati mwalandira malangizo kuchokera kumwamba pa mlandu wina, apempheni kuti awalembe papepala ndi kusainira. Ambiri mwa malangizo otere amafera pomwepo.

Pempho langa lenileni ndi laling'ono kuposa zonsezi, ndipo silifuna thandizo la mayiko akunja. Makhoti oyendera m'ndende, aja majisitireti amapita kukakhala m'bwalo la ndende momwemo n'kumva nkhani za a pa rimandi, adaonetsa kale kuti tsiku limodzi likhoza kutulutsa anthu omwe adaiwalika. Lamulani kuti pa miyezi itatu iliyonse woimira boma wa m'boma lililonse atenge mndandanda wa onse a pa rimandi, aike pambali doketi ya aliyense, ndipo alembe chimodzi mwa zitatu: mlandu uyamba tsiku lakuti, kapena sitikukana belo, kapena tikuuchotsa. Yemwe doketi yake yasowa asakhale m'ndende podikira kuti ipezeke. Si iye adaitaya. Ana aziyenda njira yawo yomwe lamulo la 2010 loteteza ana lidakonza, yowabweza kwa makolo ndi a zachitukuko cha ana m'malo mowagoneka pamodzi ndi akuluakulu. Ndipo chaka chikatha mutiuze manambala: milandu ingati mudayamba, ingati idafika pa chigamulo, ingati mudathetsa, ndipo mwa yothetsedwayo ingati idali ya anthu omwe mayina awo sadatulukepo m'nyuzipepala.

Tsiku lina mudzavule taye, musiye galimoto ya boma patali, mukalowe m'khoti la majisitireti la kuboma lakutali Lolemba m'mawa osauza munthu. Mukakhale pa benchi la kumbuyo, pafupi ndi khomo, pomwe pamakhala amayi a mbatata m'kansalu. Mukamva woimira boma akupempha tsiku lina, mudzadikire khoti lipume, kenaka mumupemphe doketiyo muione. Ya mwana wa mlongo wanga idali ndi masamba asanu ndi atatu, ndipo pa tsamba lachitatu mwini foniyo adali atalemba yekha kuti yemwe adamubera adali wamtali, wa ndevu. Mnyamata wathu ndi wamfupi ngati ine, ndipo ndevu sizinayambe kumera mpaka lero.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito, malume wa mnyamata wa kabaza